GPA ya 2.8: koleji ikadalipo kapena mwana angokafuna ntchito?

MayiWaAnyamata
Moni nonse. Ndithandizeni maganizo inu amene ana anu adadutsa kale m'zimenezi kuno ku America. Mnyamata wanga wamkulu ali giredi 11, GPA yake (avareji ya magiredi, yothera pa 4.0) ili pa 2.8. Mutu umagwira ndithu, koma giredi 9 adangoyisewera, ma C anali mbwee, ndiye akumukokerabe pansi mpaka lero. Chaka chino wayesetsa, ma B ndiwo ambiri, biology ali ndi A. Masamu okha ndiwo akumupweteka. Masiku ano sakufunanso kumva za koleji, akuti anzake onse ali ndi 3.8 kupita m'mwamba, iye angowononga ndalama za mafomu. Bambo ake akuti akamaliza sekondale angokafuna ntchito. Kodi mwayi wake wathera pomwepa? Tili ku Texas.

Kamtedza
Sunathe ngakhale pang'ono. Ana a 2.8 amalowa koleji chaka ndi chaka. Funsani kuti koleji yake iti, osati ngati alowa.

Mphunzitsi_wa_Masamu
Mayi, choyamba mtima m'malo. Chimene chimatisokoneza makolo ndi chakuti nkhani zonse za pa TV ndi m'manyuzi zimakamba za masukulu ochepa kwambiri, a Harvard, a Stanford, a MIT, amene amatenga ana 3 mpaka 5 pa 100 aliwonse ofunsira malo. Kumeneko ngakhale mwana wa 4.0 amabwezedwa. Koma masukulu otere ndi owerengeka. Mu 2019 a Pew Research Center adaunika makoleji a zaka zinayi okwana 1,364. Opitirira theka ankatenga ana awiri mwa atatu aliwonse kapena kuposa apo, ndipo otenga ana osakwana 10 pa 100 anali 17 okha. Mwana wanu akungoyang'ana 17 amenewo, enawo sakuwaona.

Chachiwiri, tiwerenge bwinobwino kuti musamulonjeze zosatheka. Pofika nthawi yotumiza mafomu, kumayambiriro kwa giredi 12, makoleji amaona magiredi a zaka zitatu, kutanthauza masemesita 6. Ngati 2.8 ndi ya masemesita 5 amene wamaliza, ndiye kuti semesita yatsalayi akapeza 3.5 afika pa 2.9 basi. Kuti agunde 3.0 ndendende ayenera kukhoza ma A okhaokha. Choncho nambalayo sisuntha kwambiri, ngakhale asagone. Chimene chingasinthe ndi maonekedwe a lipotilo. Wowerenga mafomu akaona ma C mu giredi 9, ma B mu giredi 10, ma B ndi ma A mu giredi 11, amadziwa kuti mwanayu wakula. Amene adayamba ndi ma A n'kumatsika amadetsa nkhawa kwambiri kuposa wanuyu, ngakhale GPA yawo itafanana.

Chachitatu, musamangoganizira. Lembani pa Google dzina la koleji ndi mawu akuti Common Data Set. Makoleji ambiri amatulutsa chikalata chimenechi chaka chilichonse. Gawo C limasonyeza ofunsira malo anali angati, otengedwa angati, ndipo ambiri amaikanso kuti mwa ana olowa chaka choyamba ndi angati anali ndi GPA ya pakati pa 2.5 ndi 2.99. Mukhale naye pansi muwerengere limodzi, aone yekha.

Achimwene_Dallas
Poti muli ku Texas, funsani kaye kuti ali pa nambala chani m'kalasi mwake, chifukwa kuno zimenezo zimalemera kuposa GPA. Lamulo la 1997 limati mwana amene ali mu 10 peresenti yapamwamba pasukulu pake ali ndi malo m'mayunivesite a boma. UT Austin yokha idaloledwa kuchepetsa, kwa zaka zingapo inkadula cha pa 6 peresenti. Wanuyo pamenepo palibe, tisanamizane. Koma boma lomweli lili ndi Texas State, UNT, UT Arlington, UTSA, Sam Houston, ndi ena ambiri. Angapo mwa amenewa amaika pa webusaiti yawo kuti mwana wa m'gawo lakuti m'kalasi, akapeza nambala yakuti pa mayeso olowera koleji a SAT, walowa. Wosafikapo fomu yake amaiwerenga payokha, sakuti wakanidwa. Fomu ya ApplyTexas imodzi imafika ku masukulu ambiri nthawi imodzi.

MayiWaAnyamata
Zikomo achimwene. Pa lipoti lake palembedwa kuti ali cha pakatikati, pang'ono kumunsi kwa theka. SAT sanalembe, akuti masiku ano siyofunikanso.

Kamtedza
Wakunamizani ameneyo, akuthawa masamu.

Tadala_Sophomore
Anti, ine ndili chaka chachiwiri ku yunivesite, ndiye ndiyankhe ngati mnzake. Sakunama kwenikweni, koma wamva theka. Nthawi ya Covid mu 2020 masukulu ambiri adasiya kukakamiza SAT, ndipo ambiri mpaka pano mwana amasankha yekha kutumiza kapena ayi. Ena adabwerera, MIT mu 2022, Dartmouth ndi Yale mu 2024, UT Austin nayonso. Koma kwa munthu wa 2.8 kusalemba n'kudzimana. Wa 3.9 akhoza kukhala chete, magiredi amulankhulira. Wa 2.8 akusowa umboni wina. SAT imathera pa 1600, akapeza 1150 kapena 1200 masukulu ambiri apakatiwa amuona mwanjira ina. Akalephera, sangotumiza basi, palibe amene adziwe kusukulu zosakakamiza. Pano imalembedwa pa kompyuta, maola awiri ndi mphindi zochepa, ndipo Khan Academy ili ndi zokonzekera zaulere. Ayesenso ACT, yothera pa 36, ena amaipeza yophweka.

Nasibeko
Ine ndikuona ngati tikuzungulira. Bwanji osangoyamba ku community college, koleji ya zaka ziwiri ya m'dera? Dallas College, Houston Community College, Austin Community College, Lone Star, onsewa amatenga aliyense amene wamaliza sekondale, safunsa 2.8 kapena 3.8. Fizi yake ndi kachigawo chabe ka ya ku yunivesite, mwana amagona pakhomo. Ku Texas kuli maphunziro oyambira a makirediti 42, amene ukawamaliza pa koleji imodzi ya boma, yunivesite ina iliyonse ya boma iyenera kuwalandira onse pamodzi. Ndipo akakwanitsa makirediti 24 kapena 30, malingana ndi sukulu, ambiri safunanso za ku sekondale, amaona magiredi a ku koleji okha. Giredi 9 ija imafera pomwepo. Mtsikana wanga adayenda njira imeneyi. Pa digiri yake pali dzina la yunivesite imene adamalizira, palibe polembedwa kumene adayambira.

Dokotala_Wopanda_Digiri
A Nasibeko, mwana wanu adachita bwino ndipo tikumuyamikira, koma musatiuze ngati ndi msewu wa phula. Ofufuza a Community College Research Center ku Columbia akhala akutsatira ana amenewa. Pafupifupi 8 pa 10 aliwonse olowa community college amati akufuna digiri ya zaka zinayi, koma oipeza pasanathe zaka 6 ndi cha pa 16 peresenti. Enawo amathera kuti? Amapeza kaganyu, bwana amawonjezera maola, semesita ino makalasi anayi, yotsatira awiri, kenako "ndipume kaye". Mnyamata amene mwanenayu masamu amamuvuta. Akakalephera mayeso a TSI, oyesa ngati mwana wakonzeka maphunziro a koleji ku Texas, polowa, amuika m'makalasi othandizira masamu, pamenepo n'pamene ambiri amafookera. Ngati yunivesite ya zaka zinayi yamutenga ndipo ndalama zikulola, apite. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Nasibeko
Nambala zanuzo zaphatikiza amayi a ana atatu ogwira ntchito usiku ndi abambo a zaka 40 obwerera kusukulu. Mwana wa zaka 18 wophunzira tsiku lonse, makolo akumuyang'anira, si gulu limodzi ndi amenewo.

Dokotala_Wopanda_Digiri
Makolo omwewo ankamuyang'aniranso mu giredi 9.

MayiWaAnyamata
Eee, pamenepo mwandilasa adokotala, koma pitirizani.

Gogo_waku_Cali
Kuno ku California zinthu zidalembedwa poyera. University of California imafuna GPA yosachepera 3.0 kwa mwana wa m'boma muno, 3.4 kwa wochokera kunja kwa boma, ndipo SAT saiyang'ana n'komwe. Cal State imayambira pa 2.5, ngakhale masukulu ake ena odzaza amafuna zambiri. Wa 2.8 ku UC salowa mwachindunji. Koma pali pangano lotchedwa TAG, mwana wa ku community college akamaliza makalasi ofunika ndi GPA imene apempha, malo ake ndi otsimikizika ku Davis, Irvine, Merced, Riverside, Santa Barbara kapena Santa Cruz. Berkeley, UCLA ndi San Diego mulibe m'panganomo. Chimene adokotala akuopa chimachepa mwana akalowa akudziwa kale kumene akupita ndi makalasi amene akufunika, osati kumangotola makalasi ngati akuyesa mwayi.

Kamtedza
Agogo, mayiwa ali ku Texas.

Gogo_waku_Cali
Ndamva mwanangu. Gulu lino saliwerenga a ku Texas okha.

Bambo_Magetsi
Ine ndiimire kumbali ya bambo a mwanayo, poti nonse mukuwaona ngati alakwa. Kodi adalamula ndani kuti mwana aliyense apite ku yunivesite? Ine ndimagwira za magetsi. Mnyamata akalowa apprenticeship amaphunzira zaka 4 kapena 5 akulandira malipiro, kalasi madzulo, masana pantchito, pomaliza alibe ngongole. Ndagwira ntchito ndi anyamata a madigiri amene adabwera kudzayamba kukoka mawaya ali ndi zaka 26, ngongole ili pamsana. Koma ndinene chilungamo, masamu simuwathawa. Mayeso olowera ali ndi algebra, ndipo kupinda paipi ya mawaya kuti ikhale bwino pakona pamafunika kuwerengera ma angle.

Nambewe_RN
Bambo Magetsi, palibe akunyoza ntchito ya manja. Vuto ndi lakuti bambowo sananene kuti apprenticeship, anati "angokafuna ntchito". Zimenezo ndi zosiyana. Kungofuna ntchito ndi kukapanga mashelefu m'sitolo mpaka msana utakana.

Bambo_Magetsi
Pamenepo tagwirizana. Komanso ife makolo tichepetse kupikisana. Mwana wa uje akatengedwa ku sukulu yotchuka, chithunzi pa WhatsApp, pa Facebook, kutchalitchi chilengezo. Wopita ku community college makolo ake amayankha monong'ona ngati ali kundende. Ana amaona zimenezi. Mwina mnyamatayu si koleji imene akuthawa, akuthawa manyazi.

Tadala_Sophomore
Ankolo mwanena zoona zokhazokha. Ndipo anzake "onse" a 3.8 aja, theka akunena weighted GPA, imene makalasi ovutirapo a AP amawerengedwa mpaka 5.0. Palibe mwana amanena yotsikayo pagulu.

Kamtedza
Mulandeni foni miyezi itatu muone ngati masamu sakhoza.

Nambewe_RN
Homuweki yonse ili pa intaneti masiku ano, mulanda chiyani? Inu a Kamtedza ana anu akadali ku kindergarten, tidzakufunsani akadzafika zaka 16.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za mafoni zili ndi ulusi wake kale. Tibwerere kwa mayiwa.

Mlangizi_Wopuma
Ndawerenga zonse ndipo ndikuona kuti mbali yaikulu simunaikhudze. Ndidagwira ntchito yolangiza ana a sekondale, ndipo ana a magiredi apakati amene ndidawaona akulephera kupita ku koleji, ambiri makalata owalandira anali nawo m'manja. Chidawakanika ndi ndalama. Masikolashipu aakulu a sukulu amapita kwa a magiredi apamwamba ndi SAT yapamwamba. Mwana wa 2.8 amalandiridwa, koma nthawi zambiri amalipira zambiri kuposa mnzake wa 3.8 wokhala naye chipinda chimodzi. Ndiye posankha masukulu, mndandanda wanu uyambire pa thumba.

Koleji iliyonse yolandira thandizo la boma imakakamizidwa kukhala ndi net price calculator pa webusaiti yake. Mumalowetsa zimene banja limapeza ndi magiredi a mwana, imakupatsani chithunzi cha zimene mudzalipiredi. Chitani zimenezi musanalipire fomu iliyonse. Kenako FAFSA, fomu yopemphera thandizo la ndalama ku boma, imene kawirikawiri imatsegulidwa pa 1 October mwana ali giredi 12. Lembani msanga ngakhale mukuganiza kuti simupatsidwa kanthu, chifukwa thandizo la boma la Texas ndi la sukulu limadaliranso fomu yomweyo ndipo limatha. Pell Grant, thandizo la boma la America, yafika pa $7,395 pachaka kwa osowa kwambiri, ndipo sibwezedwa, koma ndi ya nzika ndi a green card ndi magulu ena ochepa. Mwana wa viza ya sukulu sapatsidwa. Ngongole ya boma imene mwana wodalira makolo angatenge m'dzina lake chaka choyamba imalekera pa $5,500. Pa chotsalacho sukulu idzakulozerani ku Parent PLUS, ngongole ya m'dzina lanu inu kholo. Pamenepo m'pofunika kuganiza kawiri. Mwana akasiyira panjira, ngongoleyo imatsala ndi inu.

Musanyozenso makoleji ang'onoang'ono omwe si a boma. Mtengo wolembedwa umaopsa, koma ambiri akusowa ana ndipo amadula kwambiri, ngakhale kwa wa ma B. Kalasi ya ana 18 mphunzitsi akudziwa dzina lake ingamuthandize mwana ngati ameneyu kuposa holo ya ana 300. Onani pa College Scorecard, webusaiti ya boma, kuti mwa ana olowa pasukulupo ndi angati amamaliza. Sukulu yotenga aliyense koma yomaliza atatu pa 10 aliwonse, muziiopa.

Achimwene_Dallas
Powonjezera, chenjerani ndi masukulu abizinesi amene amayamba okha kukuimbirani. Mphwanga adangolemba nambala yake pa webusaiti ina, mawa lake foni osapuma, "malo atsala ochepa, sainani lero". Adaphunzira chaka ndi theka, atafuna kusamukira ku yunivesite ya boma adamuuza kuti makirediti ake sawalandira ngakhale imodzi. Kumbukirani kuti Corinthian Colleges idagwa mu 2015, ITT Tech mu 2016, ana masauzande adatsala m'malere. Sukulu yabwino sikuthamangitsani kusaina.

Nambewe_RN
Mayi, funso langa ndi ili: iye akufuna kudzaphunzira chiyani? Chifukwa kulowa yunivesite ndi kwina, kulowa kosi ndi kwina. Mwanena kuti biology ali ndi A. Ngati akuganiza za unamwino, masukulu ambiri amamutenga kaye ngati pre-nursing, kenako patatha zaka ziwiri amafunsiranso malo ndi magiredi a anatomy, physiology, microbiology ndi chemistry, kuphatikiza mayeso a TEAS kapena HESI. Mpikisano weniweni uli pamenepo, ndipo za ku sekondale sizimawerengedwanso. Engineering ndi computer science nazonso m'masukulu ambiri zili ndi khomo lakelake, ndipo calculus imadikira chaka choyamba.

MayiWaAnyamata
Amakamba za physical therapy. Amathandiza wosamalira ovulala pa timu ya mpira kusukulu kwawo, kumanga mabandeji, kunyamula ayezi, Loweruka lililonse amakhala ali komweko.

Mlangizi_Wopuma
Ndiye chimangirizo chake chilipo kale, mwina iye sakudziwa. Common App, fomu imodzi yofunsira malo m'makoleji ambiri, imafuna chimangirizo cha mawu osapitirira 650. Ana ambiri amalemba zofanana, momwe timu idagonjera kenako n'kupambana, kapena momwe agogo awo adawalimbikitsira. Chimene sindiiwala ndi cha mnyamata wina wa ma C ambiri amene adalemba za kumasulira Chingerezi kuchipatala mayi ake akudwala impso. Adafotokoza momwe ankalembera mawu a adokotala pa dzanja ndi bolopeni kuti akawafufuze kunyumba, n'kubwera sabata yotsatira ndi mafunso. Sadapemphe chifundo paliponse. Wowerenga adaona yekha kuti mwanayu amadziwa kuphunzira. Wanuyu alembe za bondo lotupa ndi tepi, zimene manja ake amadziwa. Asawononge chimangirizocho kupepesa za giredi 9. Ngati padali chifukwa chenicheni, matenda kapena kusamuka, pali kabokosi kena ka Additional Information, ziganizo zitatu zakwana. Ndipo apemphe kalata yomuchitira umboni kwa mphunzitsi wa biology ndi wosamalira ovulalayo sukulu isanatsekere mu May, aphunzitsi asanadzazidwe ndi mapempho.

Dziwaninso kuti physical therapy ndi digiri ya udokotala, DPT, pafupifupi zaka 3 pambuyo pa digiri yoyamba. Olandira ana kumeneko amayang'ana magiredi a ku koleji ndi maola amene adagwira m'chipatala. Dzina la koleji yoyambayo silimulemeretsa kwenikweni. Kulinso physical therapist assistant, ya zaka ziwiri, imene macommunity college ambiri amaphunzitsa.

Nasibeko
Mwamva adokotala? Community college.

Dokotala_Wopanda_Digiri
Ndamvanso kuti makosi a zaumoyo a kumeneko amasankha, satenga aliyense. Afunsire kuwiri konse, makalata a ndalama akafika mu March ndi April ayerekeze. Tsiku loyankha m'masukulu ambiri ndi 1 May, nthawi ilipo.

MayiWaAnyamata
Funso lina, poti sabata ino akusankha makalasi a giredi 12. Iye akufuna kusiya masamu atenge kalasi yophweka kuti GPA ikwere. Ndimulole?

Kamtedza
Mloleni. Nambala ndiyo amaona poyamba.

Mphunzitsi_wa_Masamu
Ayi a Kamtedza. Magiredi a giredi 12 sadzakhalapo n'komwe pamene akutumiza mafomu mu October kapena November, koma mndandanda wa makalasi amene akutenga udzaoneka. Wowerenga akaona mwana wofooka masamu wawathawa chaka chomaliza, wamva zonse. Komanso mwana wokhala chaka chathunthu osagwira masamu ndi amene amakagwa pa TSI imene adokotala anena ija. Physical therapy idzamufunsa statistics, chemistry ndi physics. Ngati precalculus ikumuopsa, atenge statistics, kapena afunse ngati sukulu yawo ili ndi dual credit ya college algebra, imene amapeza kirediti ya sekondale ndi ya koleji nthawi imodzi. Achenjere pokha kuti giredi ya dual credit imalowa pa lipoti la ku koleji ndipo imamutsatira, ndiye asaitenge mongoyesa.

Tadala_Sophomore
Statistics anti. Ine ndidatenga imeneyo, ili ndi mawu ambiri kuposa ma x ndi ma y. Koma afunse amene ali giredi 12 pano kuti mphunzitsi wake ndi wotani asanasaine fomuyo.